Zimene Penti Inakwirira

Dzina loti a Pensulo silinachokere patali. Bamboyu, kuyambira pamene anaphunzira ntchito ya mapaipi mpaka mutu kuchita kuti mbuu ndi imvi, sanayendepo opanda kapensulo kotsomeka kukhutu. Ankakasongola ndi mpeni mpaka katsale kosagwirika, ndipo kakasowa, tsiku lonse linkawaipira. Koma musaganize kuti anali munthu wokonda mapepala. Pepala la a Pensulo linali khoma. Akafika panyumba ya munthu kudzakonza za madzi, asanatsegule n'komwe chikwama cha zida, ankayamba kulemba pakhoma: paipi yalowera apa, yakhotera uku, yazama mainchesi akuti, tsiku lakuti. Eni nyumba ena ankanyinyirika kuti akuwadetsera khoma, koma pakatha zaka zisanu madzi n'kuyamba kudontha, ankathokoza okha, chifukwa mmisiri aliyense ankangowerenga khomalo n'kudziwa pogumula.

"Pepala limanyowa, chiswe chimadya, mphepo imaulutsa," ankatero a Pensulo. "Nanga khoma munalionapo likuuluka?"

Ndiye taonani zimene moyo umachita. Munthu wotereyu anakwatira kalaliki wa pasukulu, mayi amene kwa zaka makumi atatu anakhala kuseri kwa makina otayipira ndi mafayilo, ndipo kalembedwe kawo ka pamanja kankadziwika sukulu yonse. Ngakhale kunyumba a Pensulo ankawaitana kuti a Kalaliki, poyamba mongowaseka, kenako dzina linangokhazikika. A Kalaliki sankataya pepala. M'kabati yakuchipinda munali fayilo yabuluu, ndipo m'menemo munali chikalata cha umwini wa nyumba, pulani ya nyumbayo, mtchatho wa ukwati, mpaka lisiti la ndowa imene inabooka mwana wawo woyamba asanamere mano. Ukwati wawo wonse unali mkangano wa khoma ndi pepala, ndipo palibe amene ankafuna kuti mkanganowo uthe.

Nyumba yawo inali ya zipinda zitatu, yachisanu kuchokera pagolosale yapakona, mumsewu umene nthawi ya mvula ngalande yake inkasefukira mpaka pageti. Ana anakuliramo n'kumwazikana, awiriwo n'kutsala okha ndi wailesi.

Mmawa wina a Kalaliki akusita malaya, simbi inangowapulumuka n'kugwera pansi. A Pensulo atathamangira, anawapeza atatsamira tebulo, kukamwa kutapotoka, akufuna kunena chinachake koma mawu osatuluka. Inali sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa, ndipo anagona m'chipatala masabata asanu ndi awiri. Dokotala atanena kuti mayiwo akabwerera kunyumba azikayendera njinga ya odwala, a Pensulo sanafunse zambiri. Anatulutsa tepi m'thumba, anayeza njingayo momwemo m'wodi anamwino akuwayang'ana, n'kulemba nambala padzanja. Atafika kunyumba anapeza kuti njingayo singalowe pakhomo la kuchipinda, ndipo kubafa ndiye sikoyambika n'komwe.

Tsiku lotsatira hamala inali italira kale. Anaboola khoma lakuseri la pabalaza, n'kutsegula khomo lalikulu loti njinga izidutsa munthu osakhula chigongono. Kuseri kwa khomolo anamanga chipinda chatsopano chokhala ndi bafa lake lopanda chopunthwitsa, ndipo panja anaikapo kamtsetse ka simenti kotsikira pabwalo. Anzawo awiri a zomangamanga ankabwera kudzathandiza, koma ntchito yambiri anaigwira okha, masana kuchipatala, mmawa ndi madzulo pamatope. Za kukhonsolo sizinawabwerere n'komwe m'mutu. Munthu yekhayo amene akanawaimitsa n'kufunsa kuti, "Kodi pulani mwakavomerezetsa?" anali gone m'wodi, lilime litalemera.

Monga mwa chizolowezi chawo, zonse anazilemba pakhoma la chipinda chatsopanocho: kuzama kwa maziko, zitsulo zimene anaika mu lintala, womwe ndi mtanda wa konkire wonyamula khoma pamwamba pa khomo, njira ya mapaipi, njira ya mawaya a magetsi, mivi kuloza uku ndi uku. A Kalaliki anatulutsidwa m'chipatala pulasitala atangouma kumene. Fungo la penti linkawatsamwitsa, choncho khomalo linakhala losapenta, lodzaza ndi pensulo, kwa zaka zinayi.

Mawu anabwerera pang'onopang'ono, limodzilimodzi, koma dzanja lamanja linakaniratu. Wochititsa mafizo, ntchito zolimbitsa ziwalo zofooka, anawauza kuti aziphunzira kulemba ndi lamanzere. A Pensulo ankawagulira makope a ana asukulu, kuwasongolera mapensulo, kuwaikira kathabwa pamiyendo, kenako n'kupeza chochita panja. Zoona zake n'zoti zinkawapweteka. Kuona mayi amene ankalembera sukulu yonse masatifiketi akulimbana ndi chilembo chimodzi mpaka thukuta, kunkawakulira. Ndiye sanasuzumiremo m'makopemo ngakhale kamodzi. Ankangodziwa kuti kope likadzaza, mayi amaloza pansi pa bedi, iwo n'kuliponya m'katoni.

Chaka chachinayi, mwana wawo woyamba, amene amakhala m'tauni ina yakutali, anawatenga amayi ake kuti akakhale nawo miyezi iwiri. Kumeneko chipatala cha mafizo chili pafupi, munthu amangokankha njinga n'kufika. A Kalaliki ankapita tsiku lililonse, ndipo sabata yachisanu ndi chimodzi foni inalira a Pensulo ali pansi pa sinki ya munthu wina.

"Ababa, mwakhala pansi?" anafunsa mwanayo.

"Ndagona chagada. Lankhula."

"Amayi aimirira. Ayenda masitepe khumi ndi limodzi atagwira chitsulo choyendera. Ndawerenga ndekha."

A Pensulo anakhala pansi pa sinkiyo nthawi yaitali, madzi akuwadonthera pachipumi, mpaka mwini nyumba anabwera kudzafunsa ngati zonse zili bwino.

Nkhani inali yoonekeratu. Kwawo kuno mafizo anali kamodzi pamwezi, ulendo wa mabasi awiri, ndipo adokotala ananena mosabisa kuti akasiya kuchita tsiku ndi tsiku, miyendo iiwalanso. Mwanayo anapeza kanyumba ka zipinda ziwiri pamalo athyathyathya, misewu itatu kuchokera pachipatalapo. Mwini wake anavomera kudikira mpaka kumapeto kwa mwezi wotsatira, osapitirira pamenepo. Kuti akagule, nyumba yakaleyi inayenera kugulitsidwa.

Apa ndi pamene a Pensulo anachita chinthu chimene munthu aliyense wofuna kugulitsa nyumba amachita. Mayi asanabwerere, anagula zitini za penti ya kirimu n'kupenta nyumba yonse, kawiri konse, osasiya ngakhale kangodya. Atafika pakhoma la manambala lija, bulashi sinazengereze. Iwo ankangoganiza za wogula, kuti asadzaone ngati m'nyumbamo munkakhala wamisala. A Kalaliki atabwerako, a Pensulo anawakankhira m'chipindamo monyadira, akudikira kuyamikiridwa. Mayiwo anayang'ana khomalo kuyambira kudenga mpaka pansi.

"Mwa...penta," anatero.

"Eya! Sikukuwala?"

A Kalaliki anangowayang'ana m'mene ankayang'anira mwana wasukulu wobwera ndi fomu yodzozedwa mafuta, koma a Pensulo anayesa kuti ndi kutopa kwa ulendo.

Wogula sanachedwe kupezeka. Anali mphunzitsi wamkazi, wa zaka za m'ma makumi anayi, amene ankasamalira bambo ake oyendera njinga ngati ya a Kalaliki. Anali ataona nyumba zisanu ndi zinayi, zonse za masitepe ndi timakomo topanikiza. Atalowa pageti n'kuona kamtsetse ka simenti, anaima. Ataona khomo lalikulu lija ndi bafa, kukhitchini sanapiteko n'komwe.

"Bambo, nyumba iyi musaonetsenso wina," anatero. "Bambo anga akhala chaka chathunthu akusambira m'beseni pabalaza."

A Pensulo anaona kuti zatheka. Lolemba lake ananyamula fayilo yabuluu n'kupita ku ofesi ya loya amene mphunzitsiyo anawalozera, kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsapato, kokhala ndi fani yolira ngati ikudandaula. Mlembi wa loyayo, mayi wa magalasi okhuthala, anatulutsa mndandanda n'kuyamba kuchonga. Chikalata cha umwini chinalipo. Ziphaso za eni nyumba onse awiri zinalipo. Kalata yakukhonsolo yosonyeza kuti za msonkho wa malo zili bwino inalipo, ndipo mlembiyo anachita kuyamikira m'mene mapepalawo anasanjidwira. A Pensulo anadzikoka kolala ngati anasanja ndi iwo. Kenako mayiyo anatambasula pulani, anawerenga zipinda ndi nsonga ya cholembera, n'kuyang'ana kalata ya wogula.

"Bambo, apa akuti nyumba ndi ya zipinda zinayi. Papulani pali zitatu."

"Chachinayicho ndinamanga ndekha."

"Pulani yake yovomerezedwa ili kuti?"

"Pulani ya chiyani? Chipinda chilipo. Bwerani mudzachigwire ndi manja."

Mlembiyo anavula magalasi. Anaoneka kuti mawu amenewa anawamvapo kwa anthu ambiri. Anafotokoza modekha kuti banki imene ikuthandiza mphunzitsiyo siilandira nyumba yosiyana ndi pulani yake. Chipinda chimene papepala palibe, kwa iwo kulibe, ngakhale munthu atagonamo zaka zinayi. Panafunika pulani yatsopano yosonyeza nyumba m'mene ilili tsopano, chidindo cha khonsolo papulanipo, satifiketi ya wamagetsi wovomerezeka, komanso, popeza anaboola khoma lonyamula denga, kalata ya injiniya yotsimikiza kuti khomo lalikulu lija silidzagwera munthu.

A Pensulo anatsika masitepe akung'ung'udza. Zaka makumi anayi akugwira ntchito m'nyumba za anthu, lero wina wongokhala pampando awauze kuti chipinda chawo kulibe! Komabe mkwiyo sukanawagulitsira nyumba, ndiye anayamba kuyenda m'maofesi. Kukhonsolo anaima pamzere kuyambira mmawa, anavomera pawindo kuti anamanga popanda chilolezo, analandira chilango chake ndi mafomu atatu. Wojambula mapulani anabwera n'kuyeza kunja ndi mkati tsiku limodzi. Wamagetsi anayeza mawaya ndi kamakina kake n'kusaina, atasinthitsa soketi imodzi yokha. Panatsala injiniya.

Anabwera Lachinayi masana, bambo wamtali wosalankhulalankhula, atanyamula kathabwa kopanira mapepala. Anaima pansi pa khomo lalikulu lija, anagogoda pamwamba pake ndi chibakera, n'kuyamba kufunsa.

"Achikulire, mu lintalamu munaikamo zitsulo zingati? Zonenepa bwanji? Nanga lintalayu wakhala pakhoma motalika bwanji mbali iliyonse?"

"Zosavuta zimenezo," anatero a Pensulo, akutembenuka chala chili m'mwamba kuti aloze pakhoma.

Chalacho chinangoima m'malere. Khoma linali la kirimu, losalala, lowala bwino kwambiri.

Anayesa kukumbukira. Zinayi kapena zisanu ndi chimodzi? Maziko anazama mainchesi makumi awiri ndi anayi, kapena imeneyo inali nyumba ina? Munthuyu anali atagwira ntchito m'nyumba mazanamazana, ndipo sanasungepo nambala m'mutu, chifukwa ntchito yosunga inali ya khoma. Komanso masiku amene ankamanga chipindacho, mutu wawo unali m'wodi. Anatchula nambala ina, kenako n'kuisintha, ndipo injiniyayo anasiya kulemba.

"Sindikukukayikirani," anatero, "koma sindingasainire zimene sindikuzidziwa. Pansi pa khomo ili pazidutsa munthu amene sangathawe. Ngati palibe cholembedwa chilichonse, tifunika kukanganula pulasitala yense, kusema lintala kuyambira uku mpaka uko, kukumba mozungulira maziko, ndi kuswa pansi pabafa kuti tione mapaipi. Tikatero mubwezeretse zonse, ine ndidzabwerenso."

"Zimenezo ndi masabata angati?"

"Asanu, mwina asanu ndi limodzi."

Kuti mwezi uthe kunali kutatsala masabata atatu.

Injiniyayo atapita, a Pensulo anatenga lezala n'kugwada pakhoma. Anapala penti pang'onopang'ono, atagwira mpweya, pamalo pamene ankakumbukira kuti panali manambala a lintala. Pentiyo inkachoka, koma inkachoka pamodzi ndi pensulo, n'kusiya pulasitala woyera ngati sanalembedwepo chiyambire. Anayesa pena, anayesanso pena. Dzuwa likupendeka, pansi panali patadzaza tizidutswa ta kirimu, ndipo chimene anapeza chinali theka la muvi wosaloza kanthu. Anagadabuza ndowa n'kukhalapo, manja ali lende pamaondo.

A Kalaliki nthawi yonseyi anali panjinga yawo pafupi ndi windo, akuonerera.

"A Kalaliki, ndakulakwirani," anatero a Pensulo osadzutsa mutu. "Ndinamanga osapita kukhonsolo, ndiye ndabweranso n'kufufuta ndekha umboni wanga. Kanyumba kaja katipita. Masitepe anu aja ndawakwirira ndi bulashi ine, chitsiru cha munthu."

Anamva supuni ikugogoda pachitsulo cha njinga. Ndi m'mene mayiwo ankaitanira mawu akamachedwa.

"Pansi... pa bedi."

"Mukufuna masilipasi?"

Supuni inagogodanso, ulendo uno mwaukali.

"Katoni."

A Pensulo anagwada, anakoka katoni ija, anaipukuta fumbi n'kuiika pamiyendo pa akazi awo. Munali makope khumi ndi atatu. A Kalaliki anafufuza ndi dzanja lamanzere, anatulutsa lapansi penipeni n'kuwapatsa. Patsamba loyamba panali mizere yonjenjemera yosadziwika mutu wake. Patsamba lachisanu panali nambala imodzi yokha, folo wamkulu wopendekeka wodzaza tsamba lonse. A Pensulo anatsegula kope lachitatu, kenako lachisanu ndi chimodzi. Zilembo zinkacheperachepera, mizere inkawongoka, ndipo zimene zinalembedwazo ankazidziwa. Lintala: zitsulo zinayi za mamilimita thwelofu. Wakhala mainchesi naini mbali zonse. Maziko: mainchesi makumi atatu, pansi pouma. Paipi yotaya madzi: mapazi awiri kuchokera pangodya, yakhotera kumanzere. Linali khoma lawo lonse, mivi ndi madeti omwe, litakopedwa mobwerezabwereza kwa zaka zinayi. Ngakhale pamene iwo analakwitsa kalembedwe ka liwu, mayi anakopera momwemo, kenako n'kulemba lolondola pambali pake. Ukalaliki sutha.

"Mumalemba zimenezi nthawi yonseyi?"

"Ndikanalemba... chiyani? Tsiku lonse... ndimayang'ana khoma." Anapuma kaye, kukamwa kukukoka mbali imodzi monga kumachitira akafuna kuseka. "Komanso... khoma... silikwana mufayilo."

A Pensulo anaseka, koma kusekako sikunapite patali. Pansi pa tsamba lililonse lomaliza, m'kope lililonse, panali mzere umodzi umene sunali wa zitsulo kapena mapaipi. Iwo anali ataiwaliratu. Anaulemba pansi penipeni pakhoma, kuseri kwa pamene panadzakhala bedi, tsiku limene dokotala anawauza kuti sakulonjeza kanthu. Ankayesa kuti palibe amene adzauone. Mzerewo unkati: A Kalaliki, chipinda chatha, chonde bwerani.

"Uwunso munauona?"

"Ndinayambira... umenewo."

Bambo wamkuluyo analira, osabisa nkhope, atakhala pandowa yogadabuza, ndipo akazi awo anawasiya alire mpaka anamaliza. Kenako anagogoda supuni n'kuwauza kuti asese penti anamwaza pansiyo.

Mmawa mwake a Pensulo anali pakhomo la ofesi ya injiniya isanatsegulidwe, kope lakhumi ndi chitatu lili m'fayilo yabuluu. Injiniyayo anawerenga tsamba ndi tsamba, n'kufunsa kuti analemba ndani. Atauzidwa, anawerenganso kachiwiri.

"Kope sindingalidinde chidindo," anatero. "Koma ndingaliyese. Ndisankha malo atatu ndekha. Tikapeza zimene zalembedwa umu, ndikhulupirira zotsalazo. Pakalakwika pamodzi pokha, tibwerera ku zimene ndinanena dzulo."

Anabwera Lolemba ndi tchizulo. A Kalaliki anakana kutulutsidwa m'chipindamo ngakhale kunali fumbi. Anakhala potero kope lili pamiyendo, ngati woyang'anira mayeso. Injiniyayo anasema kabowo kakang'ono pansi pa lintala, anawalitsa tochi, n'kuwerenga zitsulo zinayi zonenepa ngati chala cha munthu wamkulu. Anasema kumapeto kwake n'kuyeza ndi tepi, ndipo anapeza mainchesi naini. Panja anasankha ngodya imene a Pensulo sankayembekezera, n'kuwauza akumbe. A Pensulo anakumba thukuta lili kamukamu, mtima uli m'mwamba, chifukwa ngakhale iwo sankadziwa ngati tsiku limenelo analemba zoona kapena zimene ankafuna kuchita. Tepi italowa m'dzenjemo inaima pa makumi atatu ndi imodzi.

"Mwapitirira ndi inchi imodzi, achikulire," anatero injiniyayo, ndipo kanali koyamba kumuona akumwetulira. Analowanso m'chipindamo, anawerama pang'ono kutsogolo kwa njinga. "Amayi, ndikanakhala ndi anthu awiri olemba ngati inu kuofesi kwathu, bwenzi ndikuweruka masana."

"Ndina...puma ntchito," anayankha a Kalaliki.

Kalata ya injiniya inatuluka Lachitatu. Pulani yatsopano inayenda m'madesiki a khonsolo mwa kayendedwe kake kosafulumira, a Pensulo akuitsatira tsiku lililonse mpaka alonda a pageti anayamba kuwasungira malo pabenchi. Munthu amene ankanyoza mapepala uja tsopano ankayenda ndi fayilo atayikulunga m'pulasitiki, ndipo kukachita mitambo ankaibisa m'malaya. Chidindo chomaliza chinagwa kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe.

Popeza ofesi ya loya inali pamwamba pa masitepe, mlembi wa magalasi uja anabwera ndi mapepala kunyumba. Anakhala pabalaza, mphunzitsi uja ali pomwepo, mabowo a injiniya atamatidwa kale ndi kupentedwa. A Pensulo anasaina malo awo anayi. Kenako mlembiyo, mwa ulemu wake, anatsegula chikwama n'kutulutsa kabokosi ka inki.

"Amayi angodinda chala, musawavutitse."

A Kalaliki anakankha kabokosiko ndi kuseri kwa dzanja mpaka kanatsala pang'ono kugwa patebulo. Anatambasula dzanja lamanzere kwa amuna awo. A Pensulo, mwachizolowezi, anafikira kukhutu.

"Osati... pensulo. Ichi n'chikalata."

Mlembiyo anapereka cholembera chake. A Kalaliki anakoka pepala, analipendeketsa m'mene ankapendeketsera kope, n'kuyamba. Chilembo choyamba chinatenga nthawi, chachiwiri chinatsatira, ndipo ulendo uno a Pensulo sanapeze chochita panja. Anaima kumbuyo kwa njinga n'kuyang'ana dzina lonse likutuluka, lopendekera kumanzere koma lowerengeka bwino lomwe, malo onse anayi. Mlembiyo anabweza kabokosi ka inki m'chikwama mwakachetechete.

Asanabalalike, a Kalaliki anatenga kope lakhumi ndi chitatu n'kulipereka kwa mphunzitsiyo kuti aliike pamodzi ndi pulani. Tsamba lomaliza lokha anali atalidula bwinobwino ndi lezala, ndipo limenelo linapita m'fayilo yabuluu, kuseri kwa mtchatho wa ukwati.

Panopa awiriwa akukhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kaja. Mmawa uliwonse a Pensulo amakankha njinga misewu itatu kupita ku mafizo, akukangana ndi akazi awo za njira yachidule. Ntchito ya mapaipi amagwirabe apa ndi apo kwa anthu oyandikana nawo, koma masiku ano m'chikwama cha zida mumakhala kope, ndipo akamaliza ntchito amang'amba tsamba n'kupatsa mwini nyumba, ngakhale kuti akaona kuti palibe akuwayang'ana amalembabe pang'ono kuseri kwa sinki. M'nyumba mwawo a Kalaliki anaika lamulo loti khoma ndi la penti. Analola malo amodzi okha, m'mbali mwa chitseko cha kukhitchini, pamene a Pensulo amalembapo deti ndi nambala ya masitepe madzulo alionse, mayi akamaliza kuyenda m'khonde atagwira chitsulo chawo.

Lachiwiri lapitali analembapo makumi awiri ndi atatu. A Kalaliki anatsutsa kuti anali makumi awiri ndi anayi, kuti bambowo anaphethira pa sitepe imodzi. Atakangana kwa kanthawi, mayiwo anagwira chitsulo, anadzuka panjinga, n'kuyenda okha mpaka pachitsekopo kukakonza nambalayo.